Jekete limodzi, mahedi awiri

Sabata yatha banja lathu linandisankha kukhala kazembe. Mavoti sanachitike. Achemwali anga a Esinati anangoimba foni Lamulungu masana n'kunena kuti, "Iwe unafikako ku koleji. Ukayankhule ndi a hedi."

N'zoona, ndinafikako. Ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi koleji tinagwirizana mwaulemu kuti aliyense aone msana wa njira. Koma kwathu zimenezo sawerengera. Ukangolowa pageti la koleji, ngakhale utatuluka tsiku lomwelo, ndiwe wa mapepala mpaka imfa. Uthenga wa maliro ulembe ndiwe. Fomu ya kuchipatala ndiwe. Wailesi ikafa, ndiwenso.

Nkhani yake inali iyi. Achemwaliwa amuna awo anatisiya kalekale, ndipo tsopano apeza ntchito yophika ku Zomba. Kachipinda komwe apatsidwa kumeneko n'ka munthu mmodzi. Mwana wawo Tadala ali Fomu 3 pasukulu ina yoyendera ku Limbe. Banja linagwirizana kuti mwanayu akakhale kwa achimwene athu aakulu ku Nkolokosa, ndipo asamukire kusukulu ina yapafupi ndi kumeneko. Kuti zitheke pamafunika makalata awiri: ya hedi wa komwe akupita, yonena kuti malo alipo, ndi ya hedi wa komwe akuchoka, yomumasula. Akumaofesi amadinda pambuyo pake. Kalata imodzi ikasowa, mwana amakhala pakhomo.

Kazembe sayenda ndi tisheti. Ndinapita kwa mnzanga Yusufu, amene amagulitsa makatani m'sitolo ya amwenye ku Limbe, kukabwereka jekete ndi nsapato zosongoka. Jeketelo mwini wake analivala kawiri kokha: pa ukwati wake, ndi pa mlandu wa ukwati womwewo.

Lolemba ndinayambira kusukulu ya kufupi ndi Nkolokosa. Hedi wake ndi mayi, ndiwatchule kuti mayi Malunga. Maina ndasintha, chifukwa ndikufunabe kuyenda m'tauni muno momasuka. Ndinawapeza pakhonde akuyenda, makiyi dzanja ili, foni dzanja ilo. Ndinayamba Chingerezi chomwe ndinachikonza bwinobwino mu minibasi, koma anandidula ndisanafike ndi pakati pomwe.

"Fomu chani?"

"Fomu 3, madamu."

"Amakhoza?"

"Kwambiri." Lipoti la Tadala ndinali ndisanalionepo chibadwire.

"Chabwino."

Anaitanitsa pepala, n'kuliika pa bonati ya galimoto yawo, n'kusaina. Mphindi ziwiri sizinakwane. "Malo ndikusungirani mpaka Lachisanu 12 koloko," anatero. "Pali ena akudikira. Kalata ya ku Limbe ikapanda kufika, ndimpatsa wina."

Ndili chiimire pomwepo anagamulanso nkhani zina zitatu. Mpopi wophulika: itanani pulambala. Mphunzitsi wofuna kupita kumaliro: pitani. Kalasi yopanda zitseko: asamukire ku holo. Mphunzitsi wina atafunsa ngati holoyo siikufunika Lachitatu, iwo anangoti, "Zikalakwika tidzakonza."

Kenako anayang'ana jekete la Yusufu n'kundifunsa komwe ndimakhala. Ndinati, "Cha ku Mandala." Si bodza lenileni. Ndimadutsako.

"Aa, zoona? Ine ndinakulira komweko! Bambo anali mkulu wa za chuma pakampani ina. Nyumba ya pakona ija, ya mtengo wa jakaranda, mukuidziwa?"

"Mtengowo udakalipo, madamu," ndinayankha mwaulemu waukulu.

Ndinatuluka pageti ndikudziona ngati nduna. Ndinaimbira achemwali kuti ayambe kumanga katundu, nkhani yatha, kwatsala kungotenga kakalata ku Limbe.

Kakalata!

Lachiwiri ndinavala jekete lomwe lija n'kulowa muofesi ya hedi wa ku Limbe, a Namakhwa. Ofesi imeneyo sitaya kanthu. Makalendala a zaka zapita anawadula n'kuwatembenuza kuti azilembapo kumbuyo. Tizidutswa ta choko tili m'chitini cha majarini. Mpando wa alendo ndi womanga ndi waya, koma womanga bwino, moonetsa kuti womangayo anali ndi nthawi. Mkulu ameneyu anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala, osafulumira, ngati munthu wogula mbuzi. Kalata ya mayi Malunga anaiwerenga kawiri, poyamba atavala magalasi, kachiwiri atavula.

"Inu ndinu ndani wake wa mwanayu?"

"Malume wake, a hedi."

"Malume weniweni, kapena wa kutchalitchi?"

"Weniweni. Bere limodzi ndi mayi ake."

"Nanga mayi akewo ali kuti?"

"Atanganidwa."

"Mwanayu akakhala kuti?"

"Kwathu, ku Nkolokosa." Kunena kuti kwa achimwene kukanalichepetsa jekete.

"Kunyumbako muli ndi wantchito?"

Abale, apa ndi pomwe kazembe wanu anagwera m'mbuna yokumba yekha. Ine zovala ndimachapa ndekha, ndipo nthawi zina sindichapa n'komwe. Koma munthu wa nsapato zosongoka anganene bwanji kuti alibe wantchito? Ndinakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Pakadali pano tilibe. Anachoka mwezi watha."

A Namakhwa anatseka fayilo. Anaitseka pang'onopang'ono, ndi manja onse awiri.

"Mubwere mawa," anatero. "Ndikambirane kaye ndi anzanga. Mutu umodzi susenza denga."

Lachitatu ndinakhala pabenchi maola atatu. Wachiwiri wawo anali kumsonkhano, ndipo iwo sakanagamula okha. Ndinawakumbutsa za Lachisanu. Anati akudziwa kuwerenga masiku. Pobwerera, mu minibasi, ndinalemba m'mutu ndemanga yonse ya m'nyuzipepala yonena za mahedi aulesi amene amasunga chidindo ngati mazira a nkhanga. Inali ndemanga yabwino, yaukali. Mwaiphonya.

Koma funso linandikakamira. Jekete ndi lomwelo, nsapato zomwezo, mabodza a msinkhu umodzi. Chifukwa chiyani wina wasaina pa bonati, wina akufuna komiti? Onse awiri ndi aphunzitsi akuluakulu, buku la malamulo lomwe amatsata ndi limodzi. Nanga kusiyanaku kukuchokera kuti?

Lachinayi Yusufu analanda jekete lake ndi nsapato zomwe, akuti kuli chinkhoswe cha msuweni. Ndinapita ku Limbe ndili m'chilengedwe changa: tisheti yotuwa ndi masilipasi. A Namakhwa anandiyang'ananso kuyambira pansi, koma ulendo uno ulendo wa maso unali waufupi.

"Jekete lija lili kuti?"

"Labwerera kwa mwini wake, a hedi."

"Nanga wantchito uja?"

"Sanakhalepo. Ndiponso nyumba ya ku Nkolokosayo si yanga, ndi ya achimwene. Ine ndimachita lendi ku Ndirande, chipinda chimodzi, bafa la tonse."

Anaseka. Ndinali ndisanadziwe kuti mkuluyu ali ndi mano. Atatha kuseka anavula magalasi n'kundiuza nkhani yomwe sindinaifunse.

Agogo awo anachoka ku Mozambiki wapansi kudzathyola tiyi. Bambo awo anali mlonda pa holoselo ina ku Limbe konkuno, ndipo ana asanu ndi mmodzi ankagona chipinda chimodzi. Mwa onsewo wanzeru kwambiri anali mchemwali wawo, Rozina. "Ine ndinali wa nambala 10," anatero, "iye wa nambala wani chaka chilichonse." Tsiku lina kunabwera malume wina wa suti, atanyamula shuga ndi buledi, n'kunena kuti mwana wanzeru chonchi sangaphunzire kusukulu yopanda mawindo, akamuphunzitsa yekha kusukulu yabwino. Makolo anawomba m'manja. Hedi wa nthawi imeneyo anasaina tsiku lomwelo. Rozina sanalowenso m'kalasi. Analera ana anayi a malumewo mpaka onse kumaliza sukulu.

"Lero akugulitsa tomato mumsika umu," anatero a Namakhwa. "Chenji amawerenga msanga kuposa mphunzitsi wanga wa masamu. Ndiye inu mukabwera ndi jekete, pakati pa teremu, kudzatenga mwana wamkazi, n'kundiuza kuti wantchito wanu anachoka mwezi watha, mukufuna dzanja langa lichite chiyani?"

Ndinayang'ana chitini cha choko.

"Bambo anga ankati mlonda satsegula geti payekha," anapitiriza. "Bwana akalakwa, amaimba foni. Mlonda akalakwa, amanyamula mkeka wake. Munthu wosauka amalakwa kamodzi."

Tsopano ndiloleni ndivale nkhope ya katswiri. Kafukufuku wanga ndi wa anthu awiri okha, ndipo ndinamuchita nditakhala pabenchi, choncho musapite naye kutali. Koma taganizani. Mwana amene anakulira m'nyumba momwe kapu ikasweka amagula ina, akakula amakhulupirira kuti dziko limakonzeka. Amagamula ali chiimire. Akuluakulu a kumaofesi sawaopa, chifukwa anthu otero ankabwera kudzamwa tiyi kwa bambo ake, ena ankamutcha dzina la paubwana. Mwana amene anaona kapu imodzi ikuthetsa ntchito ya mayi ake, akakula amawerenga kalata kawiri. Amafuna mboni. Amafuna kuti zikavuta padzapezeke maina anayi papepala, osati lake lokha. Ife tili pabenchi timati ulesi. Mwina ndi munthu amene akuyendabe pang'onopang'ono m'nyumba ya eni, ngakhale kuti nyumbayo tsopano anapatsidwa makiyi ake.

Musandimve molakwa. Si wosauka aliyense amene amakula ndi chifundo. Hedi wathu wa ku pulayimale anakula movutika kuposa tonsefe, ndipo ndiye ankatikwapula kwambiri. Ukachedwa ankati, "Ine ndinkawoloka mitsinje iwiri opanda nsapato, koma belu silinandipezepo panjira." Umphawi wake anausandutsa mkwapulo. Wina amatuluka mu umphawi atagwira chitseko kuti ena adutse, wina amachimenyetsa. Chimene chimasankha kuti uyu akhala wotere, uyo wotere, sindikuchidziwa. Ndikanamaliza koleji mwina bwenzi ndikunamizira kuti ndikudziwa.

Chomwe chikundidabwitsa n'chakuti zimenezi sitizifunsa. Kumsonkhano wa makolo timafunsa za mapepala a hedi watsopano, kuti anali kuti kale, ana anakhoza angati. Ndani anaimikapo dzanja n'kufunsa kuti, "A hedi, kwanu munkagona angati chipinda chimodzi?" Angakutulutseni. Komatu tsiku lomwe mwana wanu adzafike ndi yunifolomu yong'ambika, kapena kugona m'kalasi, kapena kusowa sabata yathunthu, amene adzagamule mlandu wake si satifiketi ili pakhoma ija. Adzagamula ndi kamnyamata kapena kamtsikana komwe a hediwo anali kale, kamene kakukhalabe m'kati mwa suti.

Tibwerere ku Limbe, Lachisanu likuyandikira.

Ndinaganiza kuti poti jekete lachoka, chidindo chituluka. Ayi. A Namakhwa anatumiza uthenga m'kalasi kuti Tadala abwere ku ofesi, ndipo anaitananso wachiwiri wawo, mayi wina wodekha, kuti akhale mboni. Mwana analowa, nagwada pang'ono pakhomo, n'kuima manja kumbuyo.

"Tadala," anatero a hedi, "iwe ukufuna kupita ku Nkolokosa?"

Mwana anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga. Zinanditulukira nthawi yomweyo kuti m'banja lonse, ndi misonkhano yathu yonse ya pafoni, palibe amene anamufunsapo funso limeneli.

"Ndilibe kwina kokhala, sala," anayankha.

"Sindinafunse zimenezo. Kunyumbako kuli ndani?"

"Ankolo aakulu, ndi anti, ndi mapasa."

"Mapasa a zaka zingati?"

"Miyezi itatu."

Mayi wachiwiri uja anati, "Hmm." Anangoti hmm basi, koma m'chipindamo munazizira.

"Antiwo amagwira ntchito?"

"Ayambiranso Lolemba, kusitolo ya mankhwala m'tauni. M'mawa ana azikhala kwa aneba. Akuti ine ndikamaweruka ndizithamangira kunyumba, aneba amatopa ikakwana 2 koloko. Akutinso ndizigona nawo anawo, poti ndine wa tulo topepuka."

Mapasawo ine ndinkawadziwa. Tsiku lowatulutsa ndinadyako mpunga mbale ziwiri. Ndinkadziwanso kuti alamu, akazi a achimwenewo, tchuthi chawo chikutha. Ndinkadziwa kuti Tadala akupita kumeneko. Zinthu zitatu zonsezi zinali m'mutu mwanga, chilichonse pampando wake, osapatsana moni. Masamu ophatikiza ndi omwe anandichotsa ku koleji.

A hedi analakwitsa munthu, koma fungo analimva bwino.

Apa ndi pomwe ndinaona malire a mkuluyu. Kuchedwetsa amatha, kununkhiza amatha, koma atapeza chomwe ankachiopa, anasowa pogwira. Kukana kusaina sakanatha, chifukwa mayi a mwana akupita ku Zomba ndipo mwana sangagone m'kalasi. Kusaina, dzanja linkakana. Anayamba kunena zoitanitsa komiti ya makolo sabata yamawa. Ndinawakumbutsa kuti sabata yamawa malo adzakhala atapita.

"Nanga ine ndingalamule chiyani m'nyumba ya eni?" anatero, akusisita chipumi. "Ndine ndani ine?"

Mayi wachiwiri uja ndi amene anati, "Bwanji muwaimbire anzanuwo, mayi Malunga?"

Zinatenga nthawi. Anayamba alemba papepala zomwe akanene. Kenako anaimirira, n'kumanga batani la malaya, ngati kuti mayi Malunga awaona kudzera pafoni. Anafotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, ndi mawu a "pepani" asanu kapena kuposa. Foni inali yokweza mawu, tonse tinkamva.

"Ndi zimenezo basi?" anatero mayi Malunga. Kumbuyo kunkamveka injini ya galimoto. "Mwanayo alowa gulu lowerenga masana. Aziweruka 5 koloko, Loweruka 12 koloko. N'zokakamiza. Kalata yopita kwa omusungawo ndilemba lero. Akajomba masiku awiri ndikafika kunyumbako ndekha, ndipo sindikhala pansi."

"Pepani mayi," anatero a Namakhwa, "gulu limenelo si la a Fomu 4 okha? Lamulo likulola?"

"Likapanda kulola adzatiuza."

Foni inaduka. A Namakhwa anakhala akuiyang'ana m'manja ngati yawalavulira. Kenako anati, motsitsa mawu, "Anthu ena anabadwa bwino."

Mayi Malunga amenewa, kumbukirani, ndi omwe anasaina osafunsa ngakhale kuti mwanayo akagona pati. Sikuti ndi ouma mtima. Kungoti m'nyumba ya jakaranda ija, mtsikana amene ankabwera kudzalera ana ankangopezeka alipo, ngati mpopi wa madzi. Funso loti wachokera kalasi iti silinkafika patebulo. Munthu sununkhiza utsi wa moto womwe sunakuotchepo. Koma atangouzidwa pomwe pali moto, anathira madzi osapempha chilolezo kwa wina aliyense, chinthu chimene a Namakhwa sakanachichita ngakhale mutawapatsa chaka.

Mukuganiza kuti anasaina pomwepo? Simukuwadziwa. Anati agonere kaye. Anasaina Lachisanu m'mawa, 11 koloko itatsala pang'ono, atayesa kaye cholembera pa kalendala yakale kuti aone ngati chikulemba. Chidindo anachipumira mpweya, n'kuchikanikiza ndi thupi lonse. Pondipatsa kalatayo sanaisiye msanga, tinakokerana pang'ono.

"Teremu ikatha," anatero, "mwanayu abwere ndi lipoti lake ndidzalione. Si lamulo. Ndikungopempha."

Minibasi ya ku Limbe imadziwa munthu akakhala pachangu. Inaima paliponse, kondakitala akuitana anthu amene anali asanaganize n'komwe zoyenda. Ndinafika kwa mayi Malunga kutatsala mphindi khumi, thukuta lili kamukamu. Sanandizindikire. Anatenga kalata, n'kundipatsa ina ya m'envulopu yopita kwa achimwene, n'kundiuza kuti ndikapereke moni kwa bwana wa ku Mandala uja amene anandituma.

Loweruka madzulo banja linakumana ku Nkolokosa. Achimwene anawerenga kalatayo mokweza: 5 koloko, Loweruka 12 koloko, n'zokakamiza, chidindo chofiirira pansi pake. Anaipinda n'kunena kuti za boma sitilimbana nazo. Achemwali analira pang'ono, kulira kwa munthu amene ankadziwa kanthu koma analibe pokanenera. Alamu anatenga kalatayo n'kuyamba kuiwerenga okha. Ndisawanamizire, si munthu woipa. Ali ndi ana awiri oyamwa, ntchito yomwe akaisiya ena mazana akuidikira, ndi mwamuna amene thewera amaliona ngati nkhani ya kunja kwa dziko. Iwonso anakula akulera ana a azakhali awo, ndipo kwa iwo mwana wamkazi kuthandiza pakhomo si nkhani yofuna msonkhano.

Atatha kuwerenga, alamuwo anatembenuka n'kundiyang'ana ine, kuyambira kumasilipasi.

"Alamu," anatero mokoma, "ntchito yanu yolembalemba ija, paja mumagwirira kunyumba eti?"

Tadala anayamba sukulu yatsopano Lolemba. Amafika 5 koloko itadutsa, chikwama chili cholemera, ndipo dzulo anandifunsa funso la sayansi lomwe ndinaliyankha pomuuza kuti akafunse aphunzitsi. Amagona pabalaza yekha, chitseko chotseka.

Ine ndimalowa ntchito 2 koloko, aneba akatopa. Ndemanga ino ndailemba ndi dzanja limodzi, linalo lili pa ntchito ina yomwe sindingaifotokoze m'nyuzipepala ya banja. Mahedi awiri anakhalira pansi tsogolo la mwana wa achemwali anga, mmodzi masiku anayi, wina mphindi ziwiri, ndipo ndikuwathokoza onse. Za tsogolo langa palibe anaitanitsa komiti.

Ndiye inu amene munamaliza sukulu, tandithandizeni. Mwa mapasawa, mmodzi akangogona, mnzakeyo amadziwa bwanji kuti nthawi yake yolira yakwana?